Dzino limene ndinanama kuti azula

Ndinachoka ku Mchinji kupita ku Chongwe, ku Zambia, kukathandiza mwana wanga atangobereka. Ndili konko, dzino linayamba kundisowetsa mtendere. Asewele anga, mayi a mkamwini wanga, anandiperekeza kuchipatala, iwo n'kutsala panja.

Nditaona jakisoni ndi chopanira mano pa tebulo, ndinauza dokotala, mtsikana waulemu ndithu, kuti ndikataye kaye madzi. Kuchimbudziko ndinapinda kampango n'kukaluma, kenako ndinatuluka nditagwira tsaya.

"Bachosa, asewele?" anandifunsa asewele anga panja paja.

Ndinavomera ndi mutu, kubuula ndinabuulanso.

Kunyumba anandiphikira phala, n'kumauza alendo kuti Amalawi ndi olimba mtima. Koma tsaya linatupa ngati ndabisamo bango. M'malo moulula, ndinati mwina dokotala anasiya chidutswa.

Asewele anamanga chitenje n'kundikokera kuchipatala. Anakalipa pamaso pa odwala onse: "Imwe ba dokota, mufuna kunipayila mulendo wanga?"

Mtsikana uja anandiyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu: "Amai, si ndimwe munayenda ku toileti? Ninakuyembekezani maningi."

Dzinolo analizula tsiku lomwelo, ndipo silinawawe n'komwe. Asewele, munthu wamkulu wa mu mpingo, anapepesa dokotala atagwada, ine nditangoti duu, kunamizira dzanzi la jakisoni.

Mpaka lero asewele sanauzepo mwana wanga, ndipo ine sindinawapepese. Akandiimbira foni, ndimathamangira kuwafunsa ngati mvula yagwa ku Chongwe.