Mzere wa Khumi ndi Chinayi

Kwa Santhe aliyense ankawadziwa a Lucious ngati munthu wolima fodya wosagulitsa. Zaka zisanu ndi ziwiri anasamala munda woyeserera mbewu wa mphunzitsi wina wachizungu wa sukulu yaukachenjede ya kumwera. Mizere inali ndi zikhomo za manambala. Fodya yense ankatupa mizu n'kufota, kupatula mzere wa khumi ndi chinayi. Ameneyo ndiye kampani ina inalonjeza kuti idzamuika m'timapaketi, alimi azigula.

Ndiye mtengo wa fodya unagwa chagada. Kampani ija inangoti zii. Mphunzitsi anabwera ndi lole, napakira sikelo ndi mabuku, nati, "Lucious, ntchito yatha."

A Lucious sanalire, sanakwiye. Mumtima munangoti mbee. Anatsala ndi kambewu ka fodya wa mzere uja kosadzaza ndi supuni yomwe, ndipo padziko lonse panalibenso kena. Anakafesa konse kudimba, nawokera kuseri kwa nyumba mitengo makumi awiri, nazika chikhomo cha mzere wa khumi ndi chinayi. Ankangodikira maluwa, poti njere za fodya zimachokera m'maluwa.

Fodya atayamba kumasula, anapalasa njinga kupita ku Kasungu kukaponya kalata yodziwitsa mphunzitsi uja. Unyolo unaduka, anagonako kawiri.

Tsono mlamu wawo, a Tsoka, anali mlimi weniweni, wakhama ngati chiswe. Kwathu kuno fodya wamaluwa ndi manyazi, ndiye kuti mwini wake ndi mlesi kapena akudwala. Fodya amathenedwa, kumudula nsonga kuti mphamvu ipite m'masamba. A Tsoka atadutsa kuseri kuja anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Achemwali, alamu afika pamenepa?" a Tsoka anafunsa a Dorika, akazi a a Lucious.

"Chichokereni mzungu uja sayankhula," anatero a Dorika. "Athandizeni."

Anawathandizadi, nathena fodya yense, osasiya ndi mtengo umodzi womwe. Ngakhale mphukira za m'mbali anazikonyola bwinobwino. Poona mizu ya udzu anapaliranso, ndipo mbuzi zinalowa pampata umene anasiya pampanda n'kumaliza zotsala.

A Lucious anafika dzuwa lili paliwombo. Anaima nthawi yaitali atagwira njinga, akuyang'ana maluwa ofota m'ngalande. Anadikira kuti mtima uwawe, koma ayi ndithu, sunawawe.

"Musavutike n'kuthokoza, alamu," anatero a Tsoka akupukuta manja. "Chibale n'chimenechi."

Nanga munthu wakugwirira ntchito ungamutani? A Lucious anatsamiritsa njinga pankhokwe, nawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, alamu. Mwagwira ntchito."

Kenako anazula chikhomo chija n'kupatsa a Dorika, poti nkhuni zinali zitatha.