Abakha Odikira pa Ngalande

Dzuwa lisanatuluke, bambo okalamba a nyumba yakumapeto amakhala ali kale m'ngalande ndi fosholo, kuchotsa zinyalala za mzere wonse wa nyumba. Palibe amawalipira, palibenso anawatuma. Amene amawaona ndi mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana, chifukwa nayenso amalawirira.

Bambowa amaweta abakha. Ana akawafunsa ngati abakha amakonda mvula, amati, "A anthu ena amakonda. Angawa amangodikira."

Tsiku lina mvula ili mkati, mayiyo anasuzumira pawindo. Abakhawo sankasamba m'zithaphwi. Anandanda m'mbali mwa ngalande ali chete, mitu italoza pamene madzi amalowera pansi pa msewu, pomwe madziwo anakokolera malemu akazi a bambowo chaka china. Kenaka abakhawo anapatuka pakati ngati akupereka njira, n'kulondola pambuyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo pa bambowo. Kutsogolo kwawo kunalibe munthu.

Madzulo ake bambowo anagogoda kwa mayiyo, chikwama chili m'manja.

"Mayi, mawa akukandigoneka kuchipatala. Mvula ikagwa muziwatsekulira abakhawa, chitseko changanso musakhome. Akazi anga akabwera osapeza owalandira, adzagogoda kwanu."