Tsiku Limene Njinga ya Atate Inakana Kukoka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene njinga yamagetsi inafika pakhomo pathu ku Kafue Estates. Anabwera nayo ndi mlongo wanga wamkulu, ba Dalitso, amene ankagwira ntchito ku Lusaka. Anaigula kwa munthu wina amene ankasamuka, n'kuikweza pa kalole ka mnzawo Loweruka lina masana. Inali yotuwa, ya matayala onenepa, mahandulo ake opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Batire inali m'chitsulo chapakati, kainjini kali pansi pomwe pamakumana zopalasira, ndipo pa mahandulo panali kagalasi kosonyeza liwiro ndi moto wotsala.

Atate anagwira ntchito ku njanji zaka zambiri. Atapuma anatsala ndi dimba ku Shimabala ndi bondo lotupa, ndipo bondolo linawalanda dimbalo. Njinga yawo yakale sankathanso kuipalasa pa chitunda, minibasi inkawasiya pamsewu waukulu, kutali ndi kumene kunali dimba. Anakhala miyezi yambiri pakhonde, wailesi ili pambali, akumakalipira nkhuku za eni ake. Koma njinga ija itabwera tinaona munthu wina. Anaimangirira kaliyala kumbuyo, n'kumanyamuka m'mawa akuimba mluzu, madzulo n'kumabwera ndi repu ndi anyezi, nkhope ili mbuu ndi fumbi koma akuseka. Anthu a kumsika anaitcha ndeke ya ba Daka, kutanthauza ndege ya atate, ndipo atate dzinalo ankalikonda ngakhale ankachita ngati sakulimva.

Amai okha ndiwo sankaikhulupirira. Ankaopa malole a pamsewu wa ku Lusaka, ndipo ananeneratu kuti tsiku limene idzangovute, ibwerera kumene inachokera. Lamulo la pakhomo linali limodzi: mwana aliyense asaikhudze.

Ine ndinaikhudza. Linali Lamulungu masana m'mwezi wa Okutobala, makolo atapita kukazonda wodwala. Ndinaitulutsa m'chipinda chochezera, ndinadina kabatani monga ndinkawaonera atate, n'kukwera. Mpando unali wautali, ndinkapalasa choimirira. Nditangoponda kawiri ndinamva ngati munthu wamphamvu wandigwira kumsana n'kundikankha. Mphepo yotentha inandilowa m'kamwa chifukwa ndinkaseka ndekha. Ndinazungulira bwalo la mpira katatu, ndipo ulendo wachinayi tayala lakutsogolo linalowa mumchenga pa kona. Ndinagwera m'zitsamba zouma, njinga pamwamba panga, kamtengo katalowa m'masipoko a tayala lakumbuyo. Ndinakasolola kamtengoko, ndinaikankha njinga mpaka kunyumba, ndinaipukuta ndi nsalu youma n'kuiimika pomwe inali. Bondo langa losupuka ndinalibisa ndi chitenje.

Lolemba m'mawa atate ananyamuka monga mwa masiku onse, koma ndisanamalize kuvala yunifomu ndinawaona akubwerera akuikankha. Inkakoka pang'ono, kenako n'kuleka, nambala ina ikuphethira pa kagalasi kaja. Anaiimika pakhonde n'kukhala pampando wawo wakale. Kudimba anali atangowokera mbande za tomato, ndipo aliyense wa ku Kafue amadziwa chimene dzuwa la Okutobala limachita ndi mbande yosathiriridwa masiku awiri.

Tsikulo aliyense anasanduka katswiri. Aneba athu anati batire yaphedwa ndi kuthimathima kwa magetsi. Ba Dalitso pa foni anati aisunge mpaka iwo adzabwere kumapeto kwa mwezi. Wokonza njinga wa kumsika anatumiza mawu oti abwere nayo aitsegule injini, ngakhale anali asanatsegulepo injini ya njinga chibadwire. Amai sananene zambiri, anangoti, "Ninakamba." Ine ndinkadikira kuti atate atiitane tonse atifunse amene anaigwira, koma sanafunse. Ankangoyang'ana njingayo.

Lachiwiri nditaweruka kusukulu anandiuza kuti ndiwathandize kuikankha mpaka kumsika, wokonza uja atsegule basi injiniyo. Njira yathu inkadutsa pafupi ndi siteshoni ya sitima, pomwe panali kashopu ka ba Mutinta. Mayi ameneyu kale ankagwira ntchito ya zamagetsi ku fakitale, ndipo atasiya anayamba kukonza mafani, masimbi ndi mafiriji. Anali wamfupi, wovala ovolosi yabuluu ndi duku, magalasi atamangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Atationa anatuluka akupukuta manja.

"Ba Daka, muli shani? Ndeke yayamba kuyenda na mendo?"

Atate anawafotokozera kumene tinkapita. Ba Mutinta anapukusa mutu n'kugwira mahandulo ngati akuletsa ng'ombe kulowa m'munda.

"Injini ni yothera. Munthu akamva mutu sitiyamba na kumung'amba pamimba. Niuzeni chabe, chinachitika n'chani isanayambe kuvuta?"

"Palibe," anatero atate mofulumira.

Ine ndinayang'ana njanji.

Ba Mutinta sanakakamize. Anayamba ndi batire. Anaichotsa, anainunkhiza, anayang'ana tizitsulo tomwe timagundana ndi njinga ngati tapsa kapena tada, n'kuiyeza ndi kamita kawo ka mawaya awiri, ofiira ndi akuda. Anati batire ili bwino, kuthima kwa magetsi tikungokunamizira. Anaibwezera mpaka inamveka kuti khethe, n'kuigwedeza kuona ngati yakhazikika. Kenako anauza atate kuti anyamule tayala lakumbuyo, ine ndizungulize zopalasira ndi dzanja uku ndikuwerenga kagalasi. Tayala linkazungulira mpaka kulira, koma kagalasi kankasonyeza kuti njinga yaima.

"Waona manje?" anandifunsa. "Iyenda, koma yeve siziba kuti iyenda. Injini singakoke chinthu chamene iganiza kuti chili chiimire."

Anagwada n'kundionetsa zinthu ziwiri zimene ndinali ndisanazionepo. Pa sipoko imodzi panali kamaginito kakang'ono ngati batani la malaya, ndipo pa chitsulo cha pafupi ndi tayala panali kanthu kakuda kokhala ndi kamzere. Anati nthawi iliyonse kamaginito kakadutsa pa kamzereko, njinga imawerenga kuti tayala lazungulira kamodzi. Tsono kamaginito kathu kanali katatsetsereka n'kutembenukira kunja, kakudutsa patali.

"Aka sikachoka keka," anatero. "Olo njinga inagwa, olo kamtengo kanangena."

Anapitiriza kuyang'ana tayalalo. Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono, koma chala chawo chinali pa malo opalika a chitsulocho amene ine sindinawaone popukuta. Sitima yonyamula katundu inali ikudutsa pang'onopang'ono kuseri kwa mpanda, ndipo ndinadikira mabogi onse athe. Kenako ndinakweza chitenje n'kuwaonetsa atate bondo langa. Ndinanena zonse, za bwalo la mpira, za mchenga, za kamtengo.

Ndinkayembekeza mawu aukali, koma atate anangotulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba la chimanga. Ba Mutinta anandipatsa sikuludiraiva yaing'ono nati amene anakasuntha ndiye akabwezere. Ndinamasula kasikuluwu, ndinakakankhira kamaginito moyang'anizana ndi kamzere, n'kumanga. Titazungulizanso tayala, manambala anayamba kukwera pa kagalasi. Ndinalumpha ndi chimwemwe.

Atate anakwera kuti ayese. Anayenda bwinobwino mpaka pa geti la siteshoni, koma pobwerera, atangogunda kabampu, kagalasi konse kanathima. Anadina batani, kanayaka, atagundanso mwala kanathimanso. Ndinadziwa kuti basi ndaipha njinga, ndipo tomato wa atate wafa chifukwa cha maulendo anayi ozungulira bwalo.

"Iyi ni matenda inangu," anatero ba Mutinta mosatekeseka. Anagwira waya wochokera ku kagalasi n'kumautsata ndi zala, kutsika nawo m'mbali mwa chitsulo, akufinya polumikizira paliponse. Atafika pa kapulagi ka pafupi ndi injini anakasolola, n'kukagwedezera pachikhatho. Panagwa timadontho ta madzi a dothi.

Anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi. "Mvula sinagwe kuchokera mu Epulo. Tisa, unaisuka na manzi?"

Ndinalumbira kuti ndinaipukuta ndi nsalu youma basi. Mawu anga anamveka ofooka ngakhale kwa ine ndemwe, poti ndinali nditangogwidwa kumene ndi bodza la masiku awiri. Ndani akanandikhulupirira?

Pamenepo atate anatsokomola. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli china cholembedwa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Manzi ni yanga." Anafotokoza kuti Loweruka, ali kudimba, anabwereka paipi ya pampu ya mnzawo n'kuitsuka njingayo ndi madzi amphamvu, pansi ndi pamwamba, kuti iwale popita kutchalitchi. Ba Dalitso anali atawaletseratu zimenezo tsiku lomwe anabwera nayo. Chiyambire Lolemba m'mawa ankangoganiza kuti aipha okha ndi manja awo, ndipo n'chifukwa chake sanafunse mwana aliyense.

Ba Mutinta anatiyang'ana, atate kenako ine, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa firiji yakufa imene inali pakhomo pa shopu, akupukuta misozi ndi nsonga ya duku. "Palibe chinachitika," ankabwereza, akutsanzira mawu a atate. Atate anayesa kulimbitsa nkhope koma analephera, ndipo posakhalitsa tonse atatu tinkaseka, anthu odikira minibasi akutidabwa.

Kukonzako kunali kochepa. Anapukuta kapulagi ndi nsalu yoyera, anauziramo mpweya ndi pampu ya njinga, anapoperamo mankhwala ena a m'kachitini onunkha ngati sipiriti, n'kukasiya padzuwa kuti kaume. Podikira, ine ndi atate tinakhala pabenchi limodzi ngati ana asukulu awiri amene aitanidwa ku ofesi ya ahedi. Atate anagula zitumbuwa zitatu kwa mayi wina wodutsa ndi beseni, n'kundipatsa chachikulu. Kapulagi katauma, ba Mutinta anandionetsa timivi tiwiri tojambulidwa mbali zake, tomwe timayenera kuyang'anizana polumikiza. Ndinakakankha mpaka kanalowa konse. Atate anakwera, anagunda dala mabampu onse a kutsogolo kwa siteshoni, ndipo kagalasi sikanaphethire n'komwe.

Sitinabwerere kunyumba. Atate anapinda thumba n'kuliika pa kaliyala, nati ndikwere. Tinadutsa mumsika anthu akukuwa kuti ndeke yauka, tinalowa msewu waukulu, kenako tinapatukira njira yamiyala ya ku Shimabala, fumbi lofiira likutsalira kumbuyo. Ndinawagwira malaya atate, amene ankanunkha thukuta ndi sopo, ndipo ndinkamva mluzu wawo ukunjenjemera pamsana. Mbande tinazipeza zitagona pansi ngati zaphikidwa. Mzere wa kumapeto unali utauma kale, koma zina zonse zinali zikadali ndi moyo. Tinathirira ndi makeni mpaka dzuwa linapendeka, dothi likulira kuti tsii pomwa madzi, ndipo pamene tinkanyamuka timasamba tina tinali titayamba kudzuka.

Panjira ndinafunsa ngati tiwauze amai. "Tizabauza tonse babili," anatero atate. "Koma iwe uzayamba, ndiwe unayamba kugwidwa." Amai anamvetsera nkhani yanga nkhope ili gwaa. Atamva ya atate anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka, nati sankadziwa kuti pakhomo pano akulera ana ena a imvi. Za kubweza njinga ku Lusaka sanazitchulenso. Chilango changa chinali choti Loweruka lililonse ndiziipukuta ndi nsalu yonyowa pang'ono, kuona kamaginito, kufinya mapulagi, kupopa matayala ndi kudontheza mafuta pa tcheni. Nditatalika mokwanira kufika pampando, atate anandilola kuikwera poyera, iwo ataima pa kona ya mchenga ija.

Lero ndimakonza mapampu oyendera dzuwa m'minda ya alimi, kuyambira ku Shimabala mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Kafue. Ndimayambabe ndi zooneka, ndipo sindifulumira kutsegula injini. Ndikafunsa chimene chinachitika, ambiri amayankha kuti palibe, ndipo sindiwakakamiza, chifukwa ndikudziwa kulemera kwa chinthu chimene munthu wagona nacho masiku awiri. Ndimangogwada n'kumatsata waya, mpaka mwini wake atsokomole.

Koma chimene ndinachedwa kumvetsa si za mawaya. Tsiku lija wolakwa anali atapezeka kale, ndipo anali mwana. Atate akanangokhala chete, madzi aja akanakhala mlandu wanga, ndipo ine ndemwe ndikanayamba kukayikira ngati nsalu yanga inalidi youma. Palibe akanadziwa. Anali munthu wa imvi, wolemekezeka m'tauni yonse, ataima pamaso pa mzimayi wokonza mafani ndi mwana wawo wamkazi, ndipo anavula chipewa n'kutenga gawo lawo. Kuyambira pamenepo sindinaopenso kuwauza chilichonse.