Ose Aka: Moyo wa Mayi Teleza a ku Malaini

Akhristu anzanga, bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za mayi Teleza m'kalata ya parishi yathu, ndinavomera asanamalize n'kuyankhula komwe. Ine Dora, wa limana la Anna Woyera, kagulu kathu kopempherera pamodzi, ndinatchola nawo tiyi mayiwa mpaka misana yathu kupindika. Ndikulemba misozi ili m'maso, komanso ndikuseka, pakuti amene anawadziwa sangawakumbuke ndi nkhope yakugwa.

Mayi Teleza anabadwira ku Mozambiki, kumapiri a ku Guruwe, kumene nakonso kuli minda ya tiyi. Anabatizidwa ali khanda, anaphunzira kutchola tiyi asanathe msinkhu, kenaka anakwatiwa ndi bambo Andreya. Nkhondo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, mudzi wawo unatenthedwa ndipo amuna awo anaphedwa. Anthu anabalalika, wina uku wina uko. Mayiwa analowa m'Malawi wapansi, korona m'khosi, ali ndi ana asanu ndi awiri: wina kumbuyo, wina m'manja, ena atagwira nsonga ya chitenje. Wozindikira anali Blackson yekha, wamkulu. Enawo anali tiana tosadziwa kanthu.

Anafika kuno ku Thyolo potsata amalume awo akutali amene ankagwira ntchito pa esiteti. Tsiku lokapempha ntchito ndinalipo, ndipo sindidzaliiwala. Kapitawo anayang'ana chigulu cha anacho n'kufunsa kuti, "Mayi, ana onsewa ndi anu?"

Chichewa sankachidziwa, koma funsolo analimva. Anadziguguda pachifuwa n'kuyankha mokweza, "Ose aka!"

Mukulidziwa lilime lathu Alomwe likafika kumene: Mulungu timati Muluku, anga timati aka, ndiye onse anasanduka ose. Kapitawo anaseka mpaka kugwira nthiti, ifenso chimodzimodzi. Dzina linamera pomwepo. Mukanafunsa za mayi Teleza ku malaini, kunyumba za antchito a pa esiteti, anthu akanayang'anana. Koma kungoti Ose Aka, ngakhale mwana ankakulozerani khomo.

Tsono nkhani inali apa. Tonse tinkaona kuti ena mwa anawo anali otola panjira. Victoria, Tione ndi Limbikani anali a msinkhu umodzi, nkhope zosiyana kotheratu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawafunsa tsiku lina pa sikelo yoyezera tiyi, "Amayi, atatu chaka chimodzi? Kodi ndinu mbuzi?" Anaseka mpaka dengu kugwa, n'kungoti, "Muluku amadziwa." Sankabisa mwachibwana ayi. Kwathu kuno mwana amatsata mimba ya mayi ake. Munda uli komweko, manda ali komweko. Wotoledwa akadziwika, mawa wina amamuuza kuti kwanu si kuno, ndipo ana amenewa kwawo kunapsa.

Koma abale, mayi uja ankagwira ntchito! Pakamwa pankakana Chichewa, koma manja ankadziwa tiyi. Masamba awiri ndi nsonga, ponyu m'dengu, milomo ikungoyenda. Tinkayesa akudandaula, osadziwa kuti akupemphera korona. Kanyumba ka ku malaini kanali kochepa moti ana ankagona mopingasa ngati nkhuni. Bulangete limodzi analidula pakati, lina la anyamata, lina la atsikana, iwo n'kumafunda chitenje m'chisanu cha mu Juni. Akagula nthochi zosakwanira, ankazidula mpaka aliyense alandire chofanana, ndipo ankati, "Amene wasala, wasala ndi ine."

Aphunzitsi awo a Chichewa anali anawo. Akaweruka kusukulu ankawaphunzitsa pemphero la Tikuoneni Maria, mayi akulakwitsa, ana akugubuduka ndi phwete. Sanachite manyazi. Tsiku limene anatsogolera koyamba pemphero m'Chichewa ku limana, amayi tinalulutira ngati pa ukwati, ngakhale theka la pempherolo linali Chilomwe. Kuyambira pamenepo pamaliro sankasowa, kwa odwala ankafika woyamba, ndipo tchalitchi ankasesa Loweruka lililonse ngati bwalo la pakhomo pawo.

Mtendere utabwera ku Mozambiki, ambiri anabwerera. Mayi Teleza anatumiza mawu kudzera mwa obwererawo kuti ngati kuli amene akufuna ana ake otayika abwere. Anadikira, koma sikunabwere munthu. Anati, "Basi, Muluku wandisiyira." Anawalera onse mpaka kukula. Blackson ndi makanika ku Limbe, Tikondane ndi mphunzitsi, Limbikani amagulitsa ndiwo zamasamba pa Bvumbwe, enanso ali pa mabanja awo.

Atapuma ntchito anatuluka m'nyumba ya esiteti n'kukakhala ku Nsabwe, pa kamunda kamene amalume aja anawasiyira. Mukudziwa m'mene malo akusowera kuno. Apa mpamene Satana analowetsa mchira. Bambo Dixon, amuna a Victoria, anayamba kunong'oneza kuti munda ndi wa ana obadwa m'mimba, ndipo Victoria ndiye wofanana nawo mphuno. Ana amene ankafunda bulangete limodzi anayamba kuyang'anana nkhope. Tione anabwera kwathu akulira, "Mayi Dora, ngati wotoledwa ndi ine, ndipita kuti?" Ndinapsa mtima.

Chaka chino mayi anadwala, mphamvu n'kuyamba kutha. Lachinayi lina m'mawa bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ana onse atazungulira mphasa. Atangotuluka bambo mfumu, a Dixon anagwada n'kunena mwaulemu, "Amayi, musatisiyire milandu. Tiuzeni lero: obereka inuyo ndi ati?"

Tione anagwira mkono wanga. Mayi Teleza anati awadzutse. Anatambasula dzanja n'kuyamba kugwira mitu mmodzimmodzi. "Aka. Aka. Aka." Mpaka onse asanu ndi awiri. Kenaka anakodola a Dixon, n'kuwagwira mutu nawonso. "Iwenso aka. Ndinakutola pa ukwati."

Ena anaseka, ena analira. A Dixon anazyolika. Masana a tsiku lomwelo, tikuimba nyimbo ya Amayi Maria, mayi Teleza anatsinzina, korona ili m'manja, ngati munthu wogona ataweruka kumunda.

Titaika maliro, achibale ena anati nkhani ya munda ithe, ndipo anatembenukira kwa Blackson. "Inu achimwene munali wamkulu pa ulendo uja, ndinu mwana wawo woyamba. Tiuzeni zoona."

Blackson anaimirira. "Zoona mukuzifuna? Mayi anga ondibereka ndikuwakumbuka bwinobwino. Anafera m'mbali mwa mtsinje ine ndikuona. Mayi awa anandipeza pomwepo, n'kundipukuta misozi, n'kundipatsa mwana woti ndiwanyamulire. Woyamba kutoledwa ndine. Mukafuna kuthamangitsa otoledwa, yambani ndi ine. Za enawa musandifunse, ndinamva yankho limodzi lokha ngati inu."

Mayo ine! Tonse tinkakhulupirira kuti ngati pali mmodzi wobadwa mwa mayiwa, ndi Blackson. Victoria anathamanga kukamugwira Tione, onse awiri akulira. A Dixon anavula chipewa n'kupepesa pamaso pa anthu onse, ndipo palibe anatchulanso za mphuno. Mundawo sunagawidwe. Dzinja lino adzala limodzi, ndipo amene anayamba kugalauza ndi a Dixon.

Akhristu anzanga, mukapita kumanda ku Nsabwe mukaona mtanda wachitsulo umene Blackson anawotcherera yekha. Wolemba mawu pa mtandawo anafuna kukonza Chichewa chake kuti chikhale “Onse Anga”, koma ana anakana. Palembedwa monga mwini wake ankanenera: Ose Aka. Ambuye amene anawatola panjira ya nkhondo awalandire ndi mawu omwewo, ndipo mzimu wawo uuse mu mtendere.