Dzanja Langa Pamaso pa Madokotala a ku Doha

Ndinanyamuka ku akomodeshoni, komwe timagona ife antchito, cha m'ma seveni. Ndinkapita kwa madokotala a boma kuti akaone dzanja langa lamanja, lomwe makina ositira mashiti analipana ku londile ya hotela yomwe ndimagwirako ntchito. Bala linapola, koma zala ziwiri zinangouma gwa.

Mantha anga anali amodzi: akangolemba kuti ndine wolumala, hotela indikweza ndege. Nanga ana anga ku Kasungu adzadya chiyani? Tsono sabata yonse ndinkayeserera kukunga chibakera osakwinya nkhope. Pajatu kwathu sudandaula pamaso pa akuluakulu. Ngakhale ukufa umangoti, "Ndili bwino, kaya inu."

Pa siteshoni ya metro ya Al Sadd mlonda anakuwa motifulumizitsa, "Yalla, yalla, foni!" Inali nthawi ya korona, popanda kuonetsa pa foni chizindikiro cha girini chosonyeza kuti ulibe matendawo sunkalowa. Foni ija inandipulumuka n'kugwa pansi, poti ndinaigwira ndi dzanja lovulalalo. Ndinaitola ndi lamanzere, khadi lolipirira sitima n'kundidula mariyali awiri, dzanja n'kulibisa mu sikafu.

M'sitima tinkakhala modumphitsa mpando. Ndinkapemphera chapansipansi m'Chichewa. Kaya pempherolo linatuluka bwanji m'masiki, ndinangoona mayi wina wovala yunifolomu ya unesi watembenuka.

"Iii, ndinu akwathu? Mukulowera kuti, achemwali?"

Ndinawafotokozera zonse, mpaka za chibakera. Anagwira mutu.

"Mayo ine, mukufuna kudzibera nokha! Madokotala amenewo amayeza mphamvu zimene dzanja lataya, n'kulemba maperesenti. Chipukuta misozi chimene kampani imapereka chimatsata maperesenti amenewo. Mukakati muli bwino, akalemba kuti muli bwino, khalas, zathera pomwepo."

"Nanga akandichotsa ntchito?"

"Pamenepo sindikunamizani, zimachitika. Koma malamulo asintha, pano munthu atha kufuna ntchito ina osapempha kalata kwa bwana. Ntchito mutha kupeza ina, achemwali. Dzanja ndiye simupeza lina."

Anatsika pa siteshoni yotsatira, dzina osandiuza. Kunena zoona, anandisiya ndi mantha oposa amene ndinanyamuka nawo.

Nditatuluka mu metro ndinayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo ngakhale ku Doha mitengoyo n'njowerengeka. Pa kafeteriya ina ndinagula tiyi wa karak wa riyali imodzi, n'kupitiriza ulendo.

Ndinafika cha m'ma naini. Pamzere panali azibambo a ndodo, wina wopanda chala chachikulu. Atandiitana, ndinalowa.

Dokotala, bambo wa imvi, anandifunsa kuti ndili bwanji.

"Ndili bwino," pakamwa panayankha pokha. Chizolowezi n'choipa, abale!

Anatambasula dzanja lake lovala magulovu. "Finyani zala zangazi."

Ndinadziwa kuti nditaluma mano ndikhoza kumunamiza pang'ono. Koma ndinalisiya dzanja lichite zimene lingathe. Zala zitatu zinagwira, ziwiri zinangoloza kudenga.

"Izi sizipinda, adokotala," ndinatero. "Usiku zimawawa. Ngakhale batani sindimanga."

Iye anayamba kulemba, ine misozi ili chuchuchu mpaka masiki kunyowa. Zotsatira anati zidzafika kuhotela, ndipo pobwerera sindinkadziwa ngati ntchito ndikhala nayobe. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ulemu wobisa ululu ukanandidyera ana anga. Chivulalireni, aka kanali koyamba kuuza munthu kuti dzanja langa silidzabwerera mwakale, ndipo woyamba kukhulupirira ndinali ine.