Chindudu chimene ndinapita nacho kwa apongozi

Ine fodya sindisuta. Ndinasuta tsiku limodzi lokha m'moyo wanga, ndipo tsiku limenelo ndi limene linandilanda mkazi.

Zinali zaka za m'ma 1990, maminibasi atangochuluka pamsewu, ine ndili kondakitala wolendewera pachitseko pakati pa Lusaka ndi Rufunsa. Tsiku lina tinapeza thiraki itafa pachitunda, dalaivala wake wa ku Mozambiki atangogwira m'chiuno. Tinamubwereka jeke. Pothokoza anandipatsa kachubu kachitsulo, m'kati mwake muli chindudu chofiirira, chonenepa kuposa chala chamanthu. Anati chinduducho dzina lake ndi siga, amachipota ndi manja kutsidya kwa nyanja, masamba okhaokha popanda pepala, ndipo osuta ake ndi mabwana. Anandilangizanso kuti utsi wake sameza. Umangousunga m'kamwa, kumva kukoma kwake, n'kuulavula.

Sindinachigulitse, chifukwa ndinali ndi pochipereka. Panali mtsikana wa ku Shikabeta amene ankagulitsa nthochi pamsika wa Rufunsa, ndipo tinali titagwirizana za banja. Ndinkamukonda zoopsa, sindibisa. Bambo ake ankalima fodya wa balani, uja wopota wekha wa kumudzi, kuseri kwa nyumba, ndipo mudzi wonse unkabweretsa fodya kwa iwo kuti anunkhize, anene ngati ali wabwino. Ndinati mumtima, mdala ameneyu ndamupezera.

Tsiku lokaonekera tinapalasa njinga ndi amalume anga, amene anali nkhoswe. Tinapeza bambo a mtsikanayo atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ang'ono awo awiri. Ine ndinakhala poteropo, pansi, mutu woweramitsa, chifukwa tsiku lotere mkamwini alibe pakamwa. Zonse amayankhula ndi nkhoswe. Nkhani inayenda bwino mpaka amalume anagwada n'kupereka kachubu kaja, ati kamphatso ka mwana wanu.

Mdalayo anachisolola pang'onopang'ono. Anachinunkhiza uku ndi uku, anachifinya pafupi ndi khutu, kenako anachinyambita.

"Tsamba ili silinapse ndi dzuwa," anatero. "Linauma mumthunzi, mosathamanga. Ndipo amene anapota ali ndi manja, onani, palibe pamene pang'ambika."

Mtima wanga unavina. Analuma nsonga n'kulavula, anayatsa ndi chikuni, ndiye anakoka. Mayo ine. Anakoka mmene amakokera balani wa m'nyuzipepala, mpaka pansi pa chifuwa, masaya kulowa m'kati. Ndinasendera kwa amalume.

"Bamalume," ndinanong'ona, "auzeni asameze utsi."

"Khala chete iwe. Ufuna kuphunzitsa munthu wa imvi kusuta pakhomo pake?"

Kwathu fodya sasuta munthu mmodzi, choncho chindudu chinayamba kuzungulira. Mng'ono woyamba anati chikununkhira uchi wopserera. Wachiwiri anati ayi, ndi dothi la mvula yoyamba, ndipo pofuna kuonetsa kuti iyenso ndi mwamuna anameza kawiri motsatizana. Anapikisana choncho, kutamanda ndi kumeza, mpaka chinafika pakati.

Woyamba kukhala chete anali mwini khomo. Thukuta linatuluka pamphumi, nkhope inatuwa, anagwira mpando ngati ukufuna kumuthawa. Kenako anasanza pamaso pathu tonse. Mng'ono wina anadzuka kuti awagwire, miyendo inakana, anakhala pansi khu. Mng'ono winayo anakwawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi a mtsikanayo anatuluka m'khitchini akulira, wina akuthamanga ndi madzi. Ine kukamwa kunali yasa. Madoda atatu, osuta kuyambira ali anyamata, onse ali pansi chifukwa cha mphatso yanga.

Atapezako mpweya, wamkulu mwa ang'ono awiriwo analoza amalume.

"Mwatisutitsa chiyani? Nanga mwini wake bwanji sanachotse ufiti?"

Pamenepo anatigwira. Wobweretsa munkoyo kapena mowa amayamba wamwa yekha, kuti onse aone kuti mulibe kanthu. Za fodya ndani akanaganiza? Amalume anatola chotsalacho m'dothi, anachipukuta, n'kundipatsa. "Suta," anatero, osandiyang'ana.

Ndinasuta mmene anandilangizira dalaivala uja, chifukwa njira ina sindinkaidziwa. Ndipo ndinene zoona, fodya uja anali wabwino. Poyamba ankawawa, kenako m'kamwa munabwera kukoma ngati kwa nsawawa zokazinga, utsi wake wolemera, wosakanda pakhosi. Ndinkakoka, kusunga, kutulutsa, mpaka moto unayandikira zala. Mutu uli bwinobwino. Ndinasangalala, chitsiru ine, ndimvekere ndadziyeretsa.

Nditadzutsa maso ndinapeza onse akundiyang'ana ngati aona njoka m'nyumba.

"Mwaona?" anatero mng'ono uja motsitsa mawu. "Ife atatu tagwa. Uyu amene amati sasuta wamaliza chonse, ali gwa. Anadyeratu mankhwala ake asanabwere."

Mwambo ndinauiwala, ndinayankha ndekha. "Bapongozi, si mankhwala ayi. Ine utsi sindinameze. Fodya ameneyu sameza."

Bambo a mtsikanayo anadzuka pamphasa pamene anawagoneka, anapukuta pakamwa ndi dzanja.

"Ndiye unkadziwa," anatero. "Unkadziwa, n'kumationerera tikumeza."

Ndinayang'ana amalume kuti anene kuti ndinawauza. Iwo maso anali pa zala za kumapazi. Mpaka lero zimandipsetsa mtima, ngakhale amalumewo anamwalira kalekale. Mawu awiri okha akanandipulumutsa, koma nkhoswe inaopa kudzichotsa ulemu.

Mdalayo sanakalipe. Anatembenukira kwa amalume n'kunena kuti, "Fodya wanu ndi wabwino, sindinalawepo wotere. Koma mwana wanga simutenga."

Mtsikanayo anali ataima pakhomo la khitchini. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine, n'kulowa m'kati.

Pobwerera tinkakankha njinga pachitunda. Titafika pamwamba amalume anaima, anapukusa mutu.

"Ukanangosanza, mwana wa mlongo wanga. Ukanangosanza basi."

Tinatumako anthu kawiri, anabwezedwa. Mtsikanayo pamsika sanabwerenso. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, tinaima pamphambano ya ku Mpanshya, ndipo anakwera minibasi yathu ali ndi khanda kumbuyo, mwamuna wake atanyamula thumba la chimanga. Ndinamupezera malo abwino a pawindo. Anakhala, anakonza mwana, n'kunena kuti, "Zikomo, bakondakitala."