Theka Lomwe a Clovis Sanamuuze Wendell

A Clovis Mabry anaonera mpira wachimereka, wogwira ndi manja n'kumagwetsana, wa koleji ya ku Tullis zaka makumi atatu ndi ziwiri osajombako Loweruka ndi limodzi lomwe. Pakolejipo sanaphunzirepo. Sukulu anaisiya ali mnyamata n'kulowa m'fakitale yocheka mapaini, ndipo macheka anawalanda zala ziwiri za kumanzere ndevu zisanafike pometa. Zalazo zinapita Lachisanu. Loweruka lake anali pabenchi yawo, mzere wa khumi ndi chinayi, dzanja atalikulunga ngati kabichi, akukuwa uku magazi akudonthera pa kolala ya munthu wa patsogolo pawo.

Makoleji olemera a ku Georgia anausiya kalekale mpira wa njira zitatu. Iwo amaponya m'mwamba, amakhala ndi anyamata otalika ngati zitseko za tchalitchi. Tullis sipeza anyamata otere. Imatola afupiafupi, aukali, amene ena awakana, n'kumasewera wapansi. Munthu ukachokako zaka zingapo n'kubwerera, umapeza fakitale yasintha eni, sitolo zatsekedwa, koma mpira uli womwewo, ndipo a Clovis akuufotokozabe pa boneti ya pikapu yawo, osewera ake ali mtedza wophika.

Amatenga mtedza umodzi, ameneyo ndiye kotabeki, wolandira mpira poyamba. Kumbuyo kwake kumabwera chimunthu chomwe ku Tullis amachitcha thirakitala. Kotabeki amachiika mpira pamimba koma osausiya, maso ake ali pa munthu mmodzi yekha wa timu inayo, wotchinga wa kumapeto kwa mzere. Ameneyo samugwira, amamusiya dala. Akatalikira, mpira umatsala ndi thirakitala. Akalumphira thirakitala, kotabeki amausolola n'kuthamanga nawo yekha. Akalunjika kotabekiyo, iye amadikira mpaka atamva mpweya wa mdaniyo kumaso, n'kuponyera mnzake wa m'mbali, mwiniwake n'kulandira chibakera cha thupi lonse m'nthiti.

"Chilichonse angasankhe, walakwa," ankatero a Clovis akutafuna wakumapeto uja. "Ameneyu sitimumenya ife. Amadzimenya yekha."

Omenyedwa ndi khumi enawo. Anyamata a Tullis sakankhana ndi munthu pachifuwa, angaluze. Amadziponya ndi chisoti chonse m'maondo. Lamulo limalola zimenezi pang'ono chabe, ndipo Tullis inamanga nyumba pa pang'ono pomwepo. Mdani akagwa, bwalo lonse limaponda mabenchi achitsulo n'kukuwa kuti wagwa mtengo. Mfuwu imeneyi anaiyambitsa ndi a Clovis ndi mnzawo wa pa macheka, a Buford Sapp, tsiku lomwe mnyamata wina wa ku Alabama anatuluka pa machira phazi litaloza komwe phazi siloza. Akazi awo a Clovis, mayi Earline, ankati bambowa amanyadira mfuwuyo kuposa ukwati wawo, ndipo a Clovis sankatsutsa msanga.

Mwana anali naye mmodzi, Wendell. Anatengera kwa amayi ake, wamtali, wa miyendo ngati mitengo ya magetsi. Kochi wa Tullis anamuyang'ana kamodzi n'kunena kuti watalikitsa. Inamutenga ndi koleji ya ku Harmon, ulendo wa maola awiri kumpoto, n'kumamuphunzitsa ulere bola azisewera. Maondo ake ndiwo anali sukulu yake. Anamuika kumapeto kwa mzere, ndipo m'chaka chake chachitatu Harmon inaikidwa kudzasewera ku Tullis.

Mayi Earline anakanitsitsa kupita. Anati machira a pabwalo paja awaona mokwanira, sangakaone mwana wawo atagonapo. A Clovis anawaseka.

"Inu amake Wendell, zaka zonsezi simunamvebe? Mwanayu ndi wakumapeto. M'bwalo lonselo ndi yekhayo amene samukhudza."

Lamulungu loyandikira masewerowo Wendell anabwera kudzadya nkhuku ya amayi ake atatuluka ku tchalitchi. Atatha kudya anawapeza bambo ake kuseri akunola mpeni wa makina otchetchera kapinga, n'kuwafunsa mosazungulira kuti mpira umenewu amaugonjetsa bwanji. Kochi wake anali atamuuza kuti azingogunda kotabeki nthawi iliyonse. A Clovis anafunsa kuti kochi wakeyo waionera kangati Tullis. Wendell anati kawiri, pa kanema. A Clovis analavula.

Ananola mpeni uja nthawi yaitali. Kenako anauika pansi, n'kumuimika mwanayo pa kapinga.

"Usasankhe," anatero. "Zika mapazi pansi ngati chitsa, mapewa akhale mowongoka, uzingomuyang'ana. Kotabeki wathu wa chaka chino ndi wanthete. Akaona kuti sukusuntha, mutu umuzungulira, ndiye pamenepo umutole."

"Basi, adadi?"

"Basi."

Sizinali basi. Wakumapeto akakana kusankha, Tullis imakhala ndi mankhwala ake. Imaleka kumusiya dala. Kamnyamata kothamanga ka m'mbali kamasendera mkati phazi limodzi, ndipo mpira ukangoyamba kamabwera chapansi, kuchokera komwe munthu sakuyang'ana, n'kugwera bondo lomwe lazikika lija. A Clovis anaziona katatu pa moyo wawo, ndipo katatu konse anaponda benchi. Zimenezi sanamuuze. Kuulula theka kunali kuthandiza mwana. Kuulula zonse kunali kugulitsa Tullis. Mumtima ankafuna mwanayo aoneke bwino chigawo choyamba, anthu adziwe kuti kochi uja analakwitsa kumukana, kenako Tullis ipambane monga mwa nthawi zonse. Anadziuza kuti kochi sangatumize mankhwalawo kwa mwana wa mzere wa khumi ndi chinayi, ndipo ngakhale atatumiza, Wendell ndi wamphamvu, angogwa n'kudzuka.

Masewero anayamba wani koloko masana, dzuwa likuwotcha mabenchi. A Clovis anavala malaya awo obiriwira a Tullis. A Buford anali atafika kale, mimba ili pa maondo, kapu ya tiyi wozizira m'manja.

"Lero tikuchekera matabwa a kunyumba kwako, aise," anatero. "Ndikusungire zidutswa?"

"Sunga mano akowo, atsala angati?"

Ulendo woyamba mpira utapita mbali ya Wendell, iye anaima nji. Kotabeki anamuyang'ana, anadikira, anadikiranso, mpaka thirakitala inadutsa yopanda kanthu. Apo Wendell anamulowa pansi pa chibwano, n'kumunyamula, n'kumumenyetsa msana pansi moti mpira unatumphuka ngati sopo. Harmon inautola. Ulendo wachiwiri kotabeki anaponya msanga chifukwa cha mantha, mpira n'kugwera paudzu. Wachitatu Wendell anamupeza m'nthiti, ndipo phokoso lake linafika mpaka mzere wa khumi ndi chinayi. Kotabekiyo anakhala chogwada, akusanza kudzera m'zitsulo za chisoti, magazi a m'mphuno akutsikira pa nambala yake. Anamupukuta ndi thaulo n'kumubwezera momwemo.

A Clovis anakhala manja ali pakati pa ntchafu. Sankadziwa ngati ndi kunyada kapena manyazi. Pofika nthawi yopuma Harmon inali patsogolo 14 kwa 3, ndipo a Buford anali atasiya nthabwala.

"Clovis, mwanayu akuima ngati munthu woti wauzidwa."

"Wakulira pabwalo pompano. Maso ali nawo."

"Maso, eti."

Anthu a mizere yoyandikana anatembenuka kuwayang'ana a Clovis. Onse ankawadziwa, ena anawaphunzitsa okha mpirawu pa boneti.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, a Clovis anaona kochi wa Tullis akugwira lamba wake kawiri, chizindikiro kwa anyamata ake. Kamnyamata ka nambala 22 kanasendera mkati phazi limodzi. Mpira unapita mbali ina, kamnyamatako kanangothamanga n'kumudutsa Wendell kumbuyo, kumuyeza. M'bwalo la anthu zikwi zisanu ndi zinayi, mwina anazindikira ndi anthu asanu. A Buford anali mmodzi wa iwo. Anaika kapu pansi n'kukonza mapazi pa chitsulo.

Ulendo wotsatira kanamuyezanso. A Clovis anakhalabe. Anadziuza kuti mwina n'kungomuopseza.

Wachitatu kochi anagwira lamba, n'kuloza pansi.

A Clovis anaimirira. Anakwera pabenchi, n'kukuwa ndi mawu aja omwe ankamveka kupitirira macheka. "Wendell, kumanja kwako! Nambala 22! Nyamula mapazi!"

Bandi inali ikuimba. Wendell sanatembenuke. Koma mzere wa khumi ndi chinayi unamva, ndi wa khumi ndi chitatu, ndi wa khumi ndi chisanu. Wina anawagenda ndi chitini cha mowa kumsana. A Buford anawagwira lamba n'kuwakokera pansi.

"Wapenga? Ukuulula pamaso pathu?"

"Ndisiye, ndi mwana wanga."

"Wavala za Harmon ameneyo. Khala pansi, Yudasi."

A Clovis anawamenya ndi dzanja la zala zitatu lija, pakamwa penipeni. A Buford anagwa chagada n'kuwakoka, onse awiri n'kugubudukira mizere iwiri, kuphwanya maambulera ndi mabokosi a nkhumba yowotcha. Munthu wina amene sanamuone anawaponda m'nthiti. Wina anawakhalira pakhosi ndi bondo, n'kuwakanikizira nkhope pabenchi yotentha, mlomo n'kung'ambika pa chitsulo. Anayesa kukuwanso dzina la mwanayo koma munatuluka magazi okha.

Sanaone chilichonse. Anangomva chitsulo chikuyamba kunjenjemera pa tsaya lawo, mapazi zikwizikwi akuponda pamodzi, kugunda kwake kukulowa m'mano. Pamwamba pawo bwalo lonse linakuwa kuti wagwa mtengo. Linakuwa kawiri, katatu, kenako linayamba kuzilala mzere ndi mzere, monga limachitira munthu akapanda kudzuka.

Apolisi awiri anawatulutsa a Clovis atawagwira m'khwapa. Akanawatsekera, koma a Buford, atagwira dzino lawo m'manja, anati anangoterereka pa tiyi. Ananena zimenezo akuyang'ana kumbali. Mmodzi wa apolisiwo anali mwana wa mnzawo wa ku fakitale, ndipo ndiye anawathamangitsira ku chipatala pa galimoto ya boma.

Wendell anali atamudula buluku mpaka m'chiuno. Bondo la kumanja linali litatupa ngati dzungu, mwendo utakhota pang'ono kulowa mkati. Dokotala, mayi wachitsikana wolankhula mothamanga, anati mitsempha itatu yaduka ndipo fupa lang'aluka pamwamba. Kuyenda adzayenda, akamuchita opaleshoni kawiri. Za mpira sananene, ndipo palibe anafunsa. Mayi Earline anali atafika kale, atamva pa wailesi akusita. Anayang'ana mlomo wa amuna awo, anayang'ana magazi pa malaya.

Mankhwala opha ululu anali atamugwira Wendell, mawu ake ankatuluka pang'onopang'ono. Anati anachita monga anauzidwa, sanasunthe. Anati kamnyamatako sanakaone n'komwe. Anafunsa ngati bambo ake anaona momwe anamutolera kotabeki uja, a Clovis n'kuvomera ndi mutu. Kenako anafunsa za mlomowo, ndipo wapolisi, pofuna kuwakometsa, anafotokoza kuti bambo ake anamenyana ndi bwalo lonse pomuchenjeza.

Wendell anatembenuzira mutu kwa bambo ake. Anali mwana wa pa boneti, mutu wake unkagwira mpira ngakhale ali m'mankhwala.

"Munakuwa mpira usanayambe?"

"Eya."

"Ndiye kuti munaziona zikubwera."

"Ndinaziona."

"Liti?"

A Clovis akanatha kunena kuti nthawi yomweyo. Mayi Earline anali atawayang'ana.

"Anakuyeza kawiri. Ndinakuwa kachitatu."

"Nanga Lamulungu lija, pa kapinga paja? Munkadziwa kuti amachita zimenezi?"

"Ndinkadziwa."

Wendell anatseka maso. Patapita kanthawi anawauza amayi ake kuti akumva kuzizira, amufunditse. Mayi Earline anamufunditsa mpaka m'khosi, n'kukoka nsalu yotchinga bedi, a Clovis n'kutsala kunja kwake.

A Clovis anakhala pa mpando wa pulasitiki m'khonde, nthiti zikubaya akamapuma. Chapatali bambo wina wokolopa anali ndi kawailesi m'thumba la ovolosi, mawu a muulutsi wa mpira uja akukwera ndi kutsika. A Clovis anayang'ana pansi. Anawerenga matailosi mpaka kukhoma n'kubwerera. Wokolopayo atafika pamapazi awo anawapempha kuti anyamule miyendo, ndipo iwo anainyamula.

"Achimwene," anatero a Clovis, mawu ali pansipansi. "Zatha bwanji?"